Tisanaponye Mpira

Loweruka lililonse, tisanaponye mpira,
timayenda mondondozana pabwalo la ku Chawama,
mitu pansi ngati tataya ndalama,
kutola zidutswa za mabotolo zosiya omwa a dzulo,
misomali, waya, nthawi zina lumo.
Lubinda amadzaza chipewa chake.
Mutinta amawerenga mokweza
kuti tidziwe bwalo linakonza kutiluma kangati.

Kale sindinkachita zimenezi.
Ndinali kochi wa pakamwa.
Mawu anga ankafika mpaka kumsika,
amayi ogulitsa kapenta ankadziwa
mwana amene waphonya chigoli, ndi dzina la atate ake lomwe.
Nanenso anandiphunzitsa choncho:
lamba, chitonzo, kuthamanga padzuwa mpaka kusanza.
Ndinkati umo ndi mmene mwamuna amapsera.

Panali mnyamata, Tisaine,
mwendo wamanzere ngati Mulungu anauumba mosafulumira.
Anaphonya penate, ndinamutcha dzina
lomwe sindingalilembe pano.
Anavula jezi, anaipinda bwinobwino,
anaiika paphazi langa, napita.
Masiku ano ndimamuona m'tauni akuitanira minibasi.
Amandipatsa moni ndi manja awiri.
Moni umenewo ndi umene umandiwawa.

Kumaphunziro a makochi ndinangotsata satifiketi.
Ndinakhala pabenchi yakumbuyo
ndi kope la mwana wanga lotsala masamba asanu.
Wophunzitsa anali Mayi Namakau,
wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, mawu ake apansipansi.
Anafunsa: Mwana akagwa, mumayamba kuyang'ana chiyani?
Ndinati: Mpira.
Anzanga anaseka. Iye sanaseke.
Anati: Tagwadani, a Zgambo.
Ndinagwada pasimenti.
Anaima pamwamba panga, nakuwa kamodzi kokha,
ndipo ndinaona kutalika kwa munthu wamkulu
mmene mwana amakuonera.

Ndinalemba ndi zilembo zanga zopindikazo:
Madzi apatse asanapemphe.
Usadzitsekere wekha ndi mwana.
Dziwa amene wabwera kudzamutenga madzulo.
Mutu ukagunda, masewera athera pomwepo.
Pansi pake ndinalemba Tisaine, sindikudziwa chifukwa.

Sabata yatha, ndi anyamata a ku Kanyama,
chigoli chimodzi chimodzi, kwatsala mphindi zisanu,
fumbi mpaka m'mano,
Penjani anawombana mitu ndi goloboyi.
Anadzuka msanga: Ndili bwino, kochi, ndili bwino.
Ndinamufunsa kuti lero ndi lachingati.
Anati Lachitatu.
Ndinamutulutsa.

Atate ake analumpha chingwe, thovu kukamwa:
Akugula iwe! Mwana wanga si dzira!
Lilime langa lakale linadzuka,
linadziwongola, linafika pamilomo.
Ndinalimeza. Linali lowawa ngati ndulu.
Ndinati: Bambo, chikho chija n'chapulasitiki,
koma mutu uwu mulibe wina kunyumba.

Tinagonja.
Ana analira, ena anaponya nsapato.
Ndinadikira misozi iphwe,
kenaka tonse tinakagwira chanza oyimbira,
mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
amene makolo anamutukwana kuyambira wezulo woyamba.
Dzanja lake linali kunjenjemerabe.

Lero Penjani wakhala pamwala, khadi lakuchipatala m'thumba.
Adokotala akuti adikire masabata awiri,
ndiye ndamupatsa wezulo kuti asasowe chochita,
ndipo akuimba ngakhale popanda cholakwa.
Atate ake aima patali, pafupi ndi mpopi.
Sanalankhule, koma abwera ndi chigubu cha madzi.

Makumi anayi ndi ziwiri, watero Mutinta.
Ndawerama kutola cha makumi anayi ndi zitatu,
chobiriwira, chobisala pomwe goloboyi amagwera.
Chandicheka chala.
Palibe kanthu. Bola ine.